Azaliya za Kuseri kwa Mpanda

Bambo a kuseri kwa mpanda, omwe kale ankayendetsa malole a tiyi ku Thyolo, sagula duwa asanadziwe pomwe lidzakhale. Amayamba aima pansi pa mtengo wa mapeyala kuona mmene mthunzi ukuyendera, kenaka amatapa dothi n'kulinunkhiza. M'mawa uliwonse amakhuthulira masamba a tiyi otsala m'ketulo patsinde pa maluwa awo a azaliya ndi kameliya. Sepitembala akafika, pakhomo pawo pamafiira mpaka anthu odutsa mumsewu wa ku Mpingwe amaima.

Mayi Angella, oyandikana nawo nyumba, zimawapweteka mumtima. Ndi iwo amakongoletsa kutchalitchi zaka zonsezi, koma azaliya zawo zimangochita masamba achikasu.

Chaka chino amayi a komiti ya ukwati anawalambalala n'kukagogoda kwa bambowo, ndipo anatuluka atafungata maluwa. Mayi Angella anaonera pazenera, kenaka anapita kumpanda.

"Bambo, neneni zoona, mumathira mankhwala anji?"

"Nanga inu mumathira chiyani, mayi?"

"Phulusa la pambaula, tsiku ndi tsiku."

"Likuzidwalitsa ndi phulusalo. Izi zimafuna dothi lowawasa ngati la m'minda ya tiyi, ndipo dzuwa lamasana sizigwirizana nalo."

Anawapatsira kamtengo ka m'chitini pamwamba pa mpanda. Mayi Angella anathokoza ndi manja awiri, n'kukakabzala pansi pa mango kuseri kwa nyumba, pomwe bambowo sangakaone, kuti kakadzachita maluwa adzauze amayi a kutchalitchi kuti nzeruzo anazipeza okha.