Bakha Wanga ndi Mowa wa Kuphiri

Chaka chimene ndinayamba sekondale ndinali ndi bakha wamkazi, woyera, wa kadontho kakuda pamutu. Anali wangawanga, osati wa pakhomo, chifukwa ndinamulera ndekha anzake onse atatha ndi akhwangwala. Ine ndinali mwana wamanyazi. Mlendo akandipatsa moni ndinkayankha ndikuyang'ana zala zakumapazi. Zimene zinkandikanika pakamwa ndinkazilemba m'kabuku kanga, zotsala ndinkauza bakha.

Tinkakhala m'nyumba ya lendi ku Zakazaka. Anali masiku oyamba a matipate, zinthu zikukwera mtengo tsiku ndi tsiku, mpaka madeya a kuchigayo anasanduka chinthu choganizira kaye usanagule. Ndiye amayi anandipatsa ntchito. Ndikaweruka kusukulu ndinkatenga kandowa kupita kwa amayi ofulula mowa kukapempha masese, zotsala zija akakuntha mowa, kuti bakha adye. Masiku ambiri ndinkapita kwa ofulula a m'dera lathu lomwelo. Koma Lachisanu, poti tinkaweruka msanga, ndinkakwera mpaka kumene mitengo ya paini imayambira, kwa mayi wina wachikulire amene ankafululira anthu otuta nkhuni ndi ocheka matabwa. Konseko sindinkapempha ndi pakamwa. Ndinkangoima pampanda ndi kandowa kanga mpaka wina andione.

Abambo anali kalaliki kumaofesi a boma, ndipo anali atapeza kamalo ku Mtiya. Njerwa zinali zitaumbidwa kale, zitayalidwa padzuwa, zikungodikira kusanjidwa mu uvuni. Za aganyu panalibe, ndiye anachita zimene aliyense ankachita: kuitana anzawo ndi oyandikana nawo Loweruka, kuwaphikira ndi kuwagulira mowa. Vuto linali lakuti abambo sankamwa. Anali ndi zilonda zam'mimba, ndipo kwa iwo mowa wonse unali umodzi. Anangogula kwa mayi wapafupi.

Anthu anabwera, anamwa, anayang'anana. Wina anafunsa ngati mayi wofululayo amakhala pafupi ndi mpopi. Dzuwa lisanafike pamutu aliyense anali atakumbukira maliro kwinakwake. Njerwa zinatsala pamtetete, kuphiri mitambo itayamba kale kuda masana alionse. Njerwa yosawotcha ikanyowa imabwerera kudothi.

Tili pachakudya, amayi anagamula.

"Loweruka likubwerali tiwaitanenso. Mowa wa m'mapaketi sitingaukwanitse. Ndiye poti mowa wathu ndi wochititsa manyazi, ndiwo zikhale zaulemu. Tipha bakha."

Ndinatsuka mbale, n'kukalira kuseri kwa bafa.

Pakati pa sabata kunabwera amalume, mlongo wawo wa amayi. Ankaphikira ana asukulu kukoleji, ndipo pa nkhani ya mowa ankadziyesa mphunzitsi.

"Achemwali, amuna simuwadziwa," anatero. "Mowa ukakhala wabwino mukhoza kuwapatsa kholowa wopanda mchere, adzakuthokozani ndi manja awiri."

"Ndiye kaupezeni, achimwene, wabwino komanso wotchipa. Si ndinu odziwa?"

"Zomba yonse ndaipondaponda ine. Amayi ofulula amenewa anachenjera. Ukapempha dyonkho, kolawa kaja, amakutungira mukambiya ka kuseri kwa chitseko, kamowa koti ukamwa umamva mpaka m'makutu. Ukati thirani m'chigubu, amatunga mumgolo wobatizidwa. Komanso ena akangondiona amabisa chipanda, ati ine ndimangolawa osagula."

"Akunama?"

"Sakunama, koma ndi mwano."

Ine ndinkasenda anyezi pakhomo, ndikutchera khutu, chifukwa panali chinthu chimene ndinkachidziwa. Masese a m'dera lathu ankakhala ouma, otuwa ngati utuchi, ndipo bakha akadya ankangopita kukasamba m'ngalande. Koma a kuphiri ankakhala onyowa, olemera, fungo lake lolasa m'mphuno. Tsiku loyamba kumupatsa, bakha anachita zinthu zimene sindinauzepo munthu. Kuyambira pamenepo ndinkawasungunula ndi madzi ambiri, n'kumudyetsera kuseri, kuopa kuti amayi angandiletse kukwera.

Koma mtsikana wa sekondale, woimba kwaya, anganene bwanji pamaso pa bambo ake kuti akudziwa kumene kuli mowa wabwino? Ndinayesa. Ndinkafika mpaka pampando wawo, iwo n'kutsitsa nyuzipepala. Ndinkangofunsa ngati akufuna madzi akumwa. Sabata imeneyo abambo anamwa madzi ambiri.

Lachisanu m'mawa bakha sindinamupatse kanthu. Nditaweruka ndinathamangira kuphiri osavula yunifomu, ndipo ndinabwerako kandowa kali thoo. Ndinapeza abambo ndi amalume ali pakhonde, zigubu zopanda kanthu zili pamapazi awo. Abambo anali atapempha kuofesi kuti achoke masana, ayendayenda ndi alamu awo ku Mbedza konse osapeza chogwira mtima. Ndinatenga beseni, ndinaliika pabwalo patsogolo pawo penipeni, n'kukhuthuliramo masese osathira madzi ngakhale dontho. Kenako ndinakhala pamwala, n'kutsegula buku la masamu.

Bakha anadya ngati walipidwa. Kwa kanthawi panalibe chachilendo. Kenako anaimika khosi, anayang'ana kumwamba ngati wina wamuitana, n'kuyamba kuyenda chammbali ngati nkhanu. Anafuna kukupiza mapiko, phiko limodzi lokha ndi limene linamvera, ndipo anazungulira pamalo amodzi mpaka kugwa chifuwa pansi. Anadzuka, analankhula mawu ambiri kwa chigubu, n'kupita kukatsamiritsa khosi pansapato ya abambo, diso limodzi atatsinzina.

"Amake mwana!" anakuwa abambo. "Tabwerani! Bakha wagwidwa chitopa!"

"Alamu, khalani pansi," anatero amalume. "Chitopa chimenechi ndikuchidziwa. Chimandigwira mwezi ukatha."

Anatsika pakhonde, anapisa chala m'beseni, ananyambita, n'kutsinzina ngati munthu amene wamva nyimbo ya kwawo.

"Iwe, wazitenga kuti izi?"

Ndinaloza kuphiri ndi mlomo.

"Alamu, tamverani. Mayi wakuba amafinya masese, kuthira madzi, kufinyanso, mpaka atasanduka utuchi. Awa akunthidwa kamodzi kokha. Dyonkho amatinamiza nalo, koma zotaya ndani angazikongoletse? Ngati zotayazi zikugwetsa bakha, nanga mowa wake?"

Abambo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Wakhala ukudziwa zimenezi?"

"Ndi bakhayu amadziwa," ndinatero, maso ali pa masamu.

Tinanyamuka nthawi yomweyo. Amalume ankatsogola ndi changu, koma njira sankaidziwa, ndiye pamphambano paliponse ankaima n'kumayerekeza kumanga nsapato mpaka ine nditadutsa. Abambo ankaterereka pamasamba a paini ndi nsapato zawo za kuofesi. Tinkapatukira amayi otsika ndi mitolo italiitali ya nkhuni, ndipo iwo ankatiyang'ana modabwa: bambo wa tayi, chigubu m'manja, akutsatira kamtsikana ka yunifomu.

Mayi uja tinawapeza atakhala pamkeka, m'mikono atamanga tinsanza.

"Aa, kamtsikana kosalankhula kabweretsa anthu. Mwabwera kudzandimanga, abwana?"

Amalume anagwada, anawomba m'manja, n'kuyamba ulaliki. Anati m'Zomba monse chilungamo chinatha, chinangotsala pakhomo pano. Anafotokoza za bakha, akuyerekeza mayendedwe ake. Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Chilungamo chanji, bambo inu? Ndi nyamakazi iyi. Manjawa akanakhala amphamvu ndikanafinya ngati anzanga onse."

Mayiwo atatchula mtengo, abambo anafunsanso, poganiza kuti sanamve bwino.

"Madzi ndi a mumtsinje, nkhuni ndi za m'phiri," anatero mayiwo. "Ndipo ndani angakwere mtunda wonsewu kudzagula wodula?"

Anakana kugulitsa wonse. Anati anyamata a matabwa akabwera mawa n'kupeza mgolo uli gwaa akhoza kuwasasulira denga. Koma zigubu zathu anadzaza mpaka pakhosi. Amalume anakanda kumutu n'kufunsa ngati pangapezeke kadyonkho.

"Dyonkho lanu analawa kale bakha."

Abambo anaseka mokweza, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri, ndipo ine ndinatsika phiri ndili wopepuka, ndikuti nkhani yatha.

Sinathe. Amayi ananunkhiza chigubu, anakwinya mphuno, n'kunena kuti, "Mowa mwaupeza, zikomo. Koma ndinauza kale akazi a anthu oitanidwa aja kuti kuli bakha. Ndikhale wabodza ine?"

Loweruka m'mawa tinapita ku Mtiya, bakha ali m'dengu, miyendo yomangidwa ndi luzi. Ine anandinyamulitsa mpeni ndi tomato. M'chitenje ndinali nditabisa kajumbo ka masese otsala m'beseni muja.

Poyamba anabwera anthu ochepa, nkhope zili zokayika. Amalume anati lero tiphwanya mwambo, chipanda choyamba chiyende ntchito isanayambe. Chinayenda. Mmodzi anapukuta pakamwa n'kutuma mwana wake kuti akaitane akulu ake. Pasanapite nthawi anafika ngakhale aja a maliro, ndipo njerwa zinayamba kuyenda dzanja ndi dzanja, wina atayambitsa nyimbo. Anthu a malaya a zipani zosiyana, amene sabata yathayo sankapatsana moni, ankaponyerana njerwa akutchulana achimwene. Amalume sananyamule njerwa ngakhale imodzi. Ntchito yawo inali yosunga chigubu ndi kufotokoza za bakha, ndipo nkhaniyo inkakula akaibwereza. Pofika chapakati, bakha anali atakwera yekha phiri n'kukagogoda pakhomo la mayi uja.

Amayi atateleka madzi onyonyolera nthenga, ndinazembera kudengu. Ndinamasula luzi, n'kukhuthula kajumbo kaja pafupi ndi mzere wa anthu. Kenako ndinabwerera kukadula tomato mosamala kwambiri.

Bakha sanandikhumudwitse. Analowa pakati pa mzere akupepesuka, ndipo amuna akuluakulu ankamupatukira njira. Anaima kutsogolo kwa mmisiri wosanja uvuni, bambo wa imvi, n'kumulankhula nthawi yaitali. Mmisiriyo anavula chipewa. Ntchito inaima, anthu akugwira m'mimba ndi kuseka.

Amayi anatulukira ndi mpeni.

"Mayi, mpeniwo ndi wa chiyani?" anafunsa mmisiri.

"Wa ndiwo zanu."

"Iyayi, mayi. Amene wamwa naye mgolo umodzi sumudya. Ndi malaulo amenewo."

"Bambo, uyu ndi bakha."

"Ndi mnzathu uyu! Akanapanda iye bwenzi tikumwanso madzi a pampopi."

"Ngati mpeni wanoledwa kale," anakuwa wina ali pamwamba pa uvuni, "yambani ndi amene anagula wa sabata yatha uja!"

Abambo anawerama n'kuyamba kuyang'anitsitsa njerwa ina ngati ili ndi mng'alu. Amayi anaima pakati pa bwalo, mpeni m'manja, akuyang'ana amuna onsewo mmodzimmodzi, ndipo palibe anawathandiza. Ngakhale mlongo wawo anabisala kuseri kwa chipanda. Kenako maso awo anapeza kajumbo kali pansi, n'kubwera kwa ine.

"Iwe, tabwera. Luzi lija lamasuka lokha?"

Ndinayang'ana pansi.

"Anthu amati mwanayu ndi wofatsa," anatero amayi, osauza munthu weniweni. "Thamanga kunyumba ukatenge nyemba. Poti wapulumutsa chidakwa chako, usankhe wekha, ndipo ndikapezamo kamwala udzaona."

Ndinathamanga ulendo wonse, kupita ndi kubwera. Nyemba sizipsa mwachangu, ndiye anthu anadya dzuwa litapendeka, zina zikadali zolimba pakati. Palibe anadandaula. Mmodzi anati sanadyepo nyemba zokoma chotero chibadwire, ndipo amayi anamuyang'ana mpaka anasiya kutafuna. Uvuni unatha tsiku lomwelo n'kumatidwa dothi, ngakhale unapendekera pang'ono chakuphiri. Mmisiri anati anachita dala chifukwa cha mphepo.

Potsuka mapoto ndinakhala pafupi ndi mulu wa nkhuni zowotchera, bakha atagona pamwendo wanga, mutu uli lende. Amayi anabwera kudzatenga chikombe. Anaima, anamuyang'ana, n'kumukhudza ndi chala chakuphazi kuti aone ngati akupuma.

"Ubwere naye m'manja," anatero. "Asayende yekha pamsewu mmene alilimu, angatichititse manyazi."