Mamba a Ng'ona pa Chikopa cha Ng'ombe

Pa Luangwa Boma, kuseri kwa msika wa nsomba zouma, pali khumbi la malata atatu. M'menemo a Damiano Njobvu akhala akugwira ntchito ya zikopa kwa zaka makumi anayi. Anthu amawatcha osoka nsapato, ndipo kumeneko n'kunyoza, ngakhale onyozawo sadziwa kuti akunyoza. Anthu athu ndi otero: akangoona munthu wagwira singano, basi, wa nsapato.

Ntchitoyi anaiphunzira ku Zumbo, tsidya la Luangwa, kwa mkulu wina dzina lake Fernando, wosoka zishalo za abulu. Iyeyo ndiye anawaphunzitsa kudinda maluwa pa chikopa. Umachinyowetsa ndi nsalu, n'kudikira mpaka mtundu wake uyambe kubwerera. Pamenepo umaika chidindo n'kumenya kamodzi kokha ndi nyundo yamtengo. Ukamenya kawiri, duwa limatuluka ndi mthunzi, ndipo palibe chofufutira. Zidindozo anazisula okha kuchokera ku misomali ikuluikulu ndi masipoko a njinga.

Zishalo zinatha, nsapato zapulasitiki zinadzaza msika, ntchito n'kuzilala. Chinawapulumutsa ndi matebulo a masewera a pulu amene anafika m'mabala onse omwera mowa a pa Boma. Osewera enieni anayamba kugula ndodo zawozawo, zija zomasula pakati, ndipo posakhalitsa anazindikira kuti kutentha kwa kuno kumapinda ndodo yosiyidwa chotsamira khoma. Anafuna zikwama. Chikwama cha a Njobvu n'chachitali ngati mkono, chili ndi zipinda ziwiri zoyalidwa nsalu yofewa ndi kathumba ka choko. Kunja kwake kumakhala mabango, mafunde, kapena nsomba ya mcheni itayasamula. Ukachisisita ndi chala, duwa lililonse umalimva. Koma ndani amasisita? Antchito a boma ochokera ku Lusaka amangochitembenuza kamodzi n'kunena kuti n'chokongola "poti n'cha kumudzi". Mawu amenewo a Damiano sanawaiwale, ndipo sayenera kuwaiwala.

Panali chinthu chimodzi chimene pa Boma panalibe amene ankachidziwa. Zaka ziwiri zapitazo dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Poyamba linkatero akatopa, kenako ngakhale pogwira kapu ya tiyi. Akazi awo, a Luciana, amene kwa zaka zonsezo ankangonyowetsa chikopa ndi kuchigwirira, tsiku lina anangotola nyundo. Kuyambira pamenepo maluwa onse ankadindidwira kunyumba, kuseri kwa mpanda wabango. A Damiano ankadula, kupaka polishi, n'kunyamula chikwama kupita nacho kukhumbi kukalandira matamando. Wina akaima nthawi yaitali pakhomo, iwo ankabisa dzanja pansi pa thebulo.

Zinaululika Lachinayi lina m'mwezi wa Okutobala. Everisto Daka, wogulitsa nsomba, amene pa pulu analibe mnzake pa Boma ponse, anali paulendo wopita ku mpikisano wa ku Lusaka wa Loweruka. Iye anali ataitanitsa kwa a Damiano chikwama cha mamba a ng'ona. Dzuwa litakwera pang'ono, foni ya a Damiano inalira.

"Mudala, ndine Everisto. Anditsitsa m'basi agemu, pachotchinga cha pamsewu paja. Ati ndanyamula chikopa cha ng'ona popanda pepala. Ndili ku ofesi kwawo. Bwerani chonde, napapata."

Agemu ndi asilikali oteteza nyama zakuthengo, ndipo kuno mwana aliyense amadziwa kuti chikopa cha ng'ona chopanda chilolezo n'chitseko cha ndende. A Damiano anayenda mpaka ku ofesiko.

Anapeza Everisto atakhala pabenchi, nsapato atamuvula. Chikwama chinali pathebulo pamaso pa ofesala wamkazi, a Dainess Sakala, amene anali atangosamutsidwa kuchokera ku Chipata.

"Ndinu munapanga ichi, atate?"

"Ndine, mayi. N'chikopa cha ng'ombe. Mambawo ndi odinda."

"Onse amene ndimawagwira amati ng'ombe," anatero a Sakala. "Wina anandiuza kuti mnyanga wa njovu ndi chinangwa. Ndichitumiza ku Lusaka akachipime. Mwini wake adikira m'selo."

"Masiku angati?" anafunsa Everisto.

"Masabata atatu, mwina anayi."

"Mayo! Nsomba zanga! Mpikisano wanga!"

A Sakala anayang'ana nkhalambayo. "Kapena tichite chonchi. Mwati munadinda ndinu. Katengeni zida zanu, mudinde pano ine ndikuona. Zikafanana, akwera basi ya mawa."

Everisto anaseka, nkhope itamasuka. "Aa, ndiye zatha! Bwana, konzani maso. Awa ndi a Njobvu, akhoza kudinda ndi nkhope yanu yomwe."

A Damiano sanaseke. Ulendo wa kunyumba anauona kutalika ngati wa kumudzi wakutali wa Kavalamanja. Akakana, mwana wa eni ake agona m'selo chifukwa cha katundu wawo. Akavomera, dzanja liwapereka. Kunyumba, a Luciana anamva nkhani yonse ali chilili, kenako anakulunga zidindo m'chitenje, natunga madzi m'kabeseni.

"Mukupita kuti, amake Nelly?"

"Nanga chikopa akunyowetsereni ndani? Agemu?"

Masana amenewo malata a ofesi ankachita kulira ndi kutentha. A Luciana anayala kachidutswa ka chikopa pa thabwa, anakanyowetsa, nabwerera kumbuyo. A Damiano anadikira mtundu ubwerere. Anaika chidindo, anakweza nyundo, ndipo onse anaona mutu wa nyundoyo ukugwedezeka m'mwamba ngati bango pamadzi. Anamenya. Chidindo chinaterereka. Anamenyanso, chinthu chimene Fernando akanawakwapulira, ndipo panatuluka bala lopindika la mithunzi iwiri.

"Ndi thukuta chabe," anatero Everisto, mawu ali pansi. "Yesaninso, mudala."

Anayesa kachitatu, kachinayi. Chikopa chinayamba kuuma m'mbali. A Sakala anaika kachidutswako pambali pa chikwama, napukusa mutu.

"Atate, amene anapanga ichi si amene wapanga ichi. Ngati si ng'ona, ndiye mukubisa munthu." Anakoka pepala, nayamba kulemba.

M'chipindamo munangomveka kukanda kwa bolopeni. A Damiano anaganiza za pamsika, za amayi a nsomba ndi malilime awo, za anyamata a m'mabala akuti Njobvu watha, akudyetsedwa ndi manja a mkazi. Kenako anayang'ana mapazi a Everisto opanda nsapato pa simenti.

"Amake Nelly," anatero, "tengani nyundo."

A Luciana anawayang'ana kaye. "Mwatsimikiza, atate ake Nelly?"

"Tengani. Mayi, anadinda ndi awa. Zaka ziwiri manje, zonse zotuluka m'khumbi langa ndi manja awo. Ine langa linafa."

A Luciana anatembenuzira kachidutswako kumene kunali kosaonongeka, ananyowetsanso, nadikira osathamanga, ngati ali kwawo. Kenako nyundo inayamba: kho, kho, kho, kamodzi kamodzi. Mamba anatuluka m'mizere, aakulu pakati, aang'ono m'mbali. A Sakala anasiya kulemba.

Pamenepo a Damiano anasendera pafupi, mawu atabwerera. "Onani apa, mayi. Pakona pa bamba ili pali kamzere. Apanso. Pachikwamanso, onani, konsekonse. Msomali wa chidindo ichi unabenthuka ndikuusula, Nelly asanabadwe. Kodi ilipo ng'ona yokhala ndi chipsera chimodzimodzi pa mamba ake onse?"

Ofesala uja anayendetsa chala pachikwama, pang'onopang'ono, kuchokera kumutu mpaka kumapeto. Pa anthu onse ovala yunifolomu amene anagwirapo ntchito ya a Njobvu, ndiye woyamba kuisisita.

"Mupatseni nsapato zake," anatero. "Ndipo inu amayi, ulendo wina muzidinda mabango. Mudzatimangitsa anthu osalakwa."

Everisto anakwera basi ya Lachisanu. Ku Lusaka anamutulutsa m'chigawo chachiwiri, ndipo anabwerako ndi nkhani imodzi yokha, ya chikwama, imene anaifalitsa m'mabala onse asanafike n'kwawo komwe.

Lolemba a Damiano ananyamula mipando iwiri kupita nayo kukhumbi. Anakhala m'mawa wonse makutu ali tcheru, kudikira kuseka. Anaseka ndithu. Wogulitsa malaya wina, amene sangathe ngakhale kusoka batani, anafuula kuti, "A Njobvu, mwalemba wantchito?" A Luciana sanadzutse mutu. A Damiano anaviika nsalu m'kabeseni, anaifinya ndi dzanja lawo lonjenjemeralo pamaso pa msika wonse, nayamba kunyowetsa chikopa.