Laputopu Yosagona

Chaka chimene ndinkamaliza digiri ndinali ndi laputopu imodzi ndi mtima umodzi, zonse zosachedwa kutentha. Ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kudera la Magodi, kwinaku ndikuphunzira ndili kunyumba. Chimene chinatsala chinali kafukufuku wanga, mitu isanu, thukuta la zaka ziwiri. Ku yunivesite anali atandikhululukira kale kamodzi, ndipo ananenetsa kuti ndikapanda kupereka pofika Lolemba lomaliza la mweziwo, dzina langa alifufuta. Ntchito yonseyo inali mu laputopu. Mufulashi, kachipangizo kosungira zolemba padera, munali mitu iwiri yokha, yakalekale, chifukwa zokopera ndinkangoti mawa, mawa.

Laputopuyo sindinkaizimitsa, poti kuyaka kwake kunkatenga nthawi yoti munthu n'kusenda mtedza mbale yonse. Ndinkangotseka chivindikiro kuti igone, n'kuisiya patebulo ikumwa moto wa sola, ine n'kupita kuntchito. Kutatsala milungu iwiri, inayamba misala. Ndikaweruka n'kuitsegula, fani inkakuwa ngati chigayo, pansi pake potentha poti sungaike pamiyendo. Ndikalemba liwu, linkatulukira ine nditaiwala kale chimene ndimafuna kunena. Ndinkaimenya makofi m'mbali, kuigwedeza, kuitukwana mpaka makolo a amene anaipanga. Iyo osamva.

Panyumba masana pankatsala mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, amene anabwera kudzakhala nafe ukwati wake utatha. Sitinkamwerana madzi. Ankakonda kunena, maso ali kwina, kuti mkazi akaphunzira kwambiri nyumba imamuchepera. Ine mawu oterowo sinditaya, ndimasunga.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku boma la Lundazi, kwa bambo wina wokonza makompyuta pafupi ndi msika. Ndinapeza magetsi atazima. Bamboyo anatsegula laputopu ndi kabatire kotsalako, n'kudina mabatani atatu pamodzi, n'kundilozera nambala pasikirini.

"Onani, amadamu. Pulosesa ili pa handiredi. Ndiye bongo wa makina uyu, manje ulibe mpata wopumula. Pali chinthu chisebenza, chigwira ntchito kumbuyo. Mukaitseka siigona bwino, chimaiutsa."

"Kumbuyo?"

"Ee, kumbuyo. Imwe simungachione."

Asanapitirize, batire inatha, sikirini n'kuda bii. Anati ndibwere nayo Lachinayi magetsi akakhalapo, kenako anatembenukira kwa munthu wina amene anabwera ndi foni yosweka.

Mawu amenewo ndinakwera nawo minibasi. Kwathu kuno, chinthu chikamachitika kumbuyo ndiye kuti pali munthu akukuyenda pansi. Zimene sungazione, zimene zimachitika iwe ukachoka, zimene zimadzutsa chinthu chogona: kodi ndani amatsala panyumba ine ndikachoka? Pofika pamene ndinkatsikira, mlandu ndinali nditauzenga ndi kuugamula. Mlamu amatsegula laputopu yanga kufunafuna zithunzi za amuna kuti akandinenere kwa mchimwene wake, ndipo podinadina mwaumbuli akundiphera ntchito. Ndinapsa mtima kwabasi.

Lachiwiri ndinatchera msampha. Ndinaika kakhoko ka mtedza pachivindikiro, pakona, n'kupita kusukulu. Tsiku lonselo ana ndinangowalembetsa zapabolodi. Mmodzi anafunsa funso labwinobwino, ine n'kumukalipira mpaka analira.

Nditafika kunyumba dzuwa likadali pamutu, kakhoko kanali pansi. Ndinatsegula laputopu, fani n'kuyamba kukuwa pompo. Mlamu analowa atanyamula zovala zoti asite, simbi yamakala ili m'dzanja linalo. Anaiika pansi pafupi ndi chitseko.

"Mwatandala uli, mulamu?" anandilonjera m'Chitumbuka monga mwa masiku onse.

Yankho langa linali khofi. Linamveka kuti phwaa, zovala zonse mbwee pansi.

"Mumafunamo chiyani m'makina anga? Nenani!"

"Nkhumanya chara kujura chinthu icho!" anakuwa atagwira tsaya. Ankati sadziwa n'komwe katsegulidwe kake, anangopukuta fumbi patebulo.

Sindinafune kumva. Ndinamugwira duku pamodzi ndi tsitsi n'kumukokera pansi. Koma mlamu ndi munthu wolima, wotunga madzi kudambo, pamene ine mphamvu zanga zinathera pa choko. Anandiluma pamkono mpaka mano kulowa, n'kundikankhira kukhoma, mutu wanga gu! Ndinadzuka ndikuona nyenyezi, ndinamusasantha chibakera pakamwa, mlomo wake n'kung'ambika. Magazi anadontha pabulauzi yake, ena pasimenti. Tinagubuduzana, mipando ikugwa, mbale zikusweka, nkhuku zimene zinali pakhomo zikuthawa ndi phokoso. Iye atapulumuka m'manja mwanga anathawira kuseri kwa tebulo, akupuma mwabefu.

Akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwambi umenewu ndimauphunzitsa ndekha m'kalasi, ndipo ana amene aulephera ndimawadula malikisi. Tsiku limenelo ndinatola simbi ija, makala ali momwemo, n'kuiponya ndi manja awiri. Mlamu anawerama. Simbi inatera pakati penipeni pa mabatani, makala ofiira n'kumwazika patebulo ponse. Fani inalira kamodzi ngati mbuzi yogwidwa pakhosi, kenako zii.

Amuna anga anali kokamwetsa ng'ombe, ndipo anabwera chothamanga ataitanidwa ndi anthu oyandikana nafe. Anapeza nyumba ikununkha pulasitiki yopserera, ine ndikuchotsa makala pa laputopu ndi manja osavala kanthu, osamva n'kutentha komwe. Anakweza mchemwali wawo panjinga kupita naye kuchipatala, komwe anamusoka mlomo.

Sindinadikire Lachinayi. M'mawa mwake ndinali kale pakhomo pa wokonza uja, zala zili matuza okhaokha, laputopu nditaikulunga m'chitenje. Magetsi analipo. Anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ana mano amene anadindika pamkono panga.

"Yagwa?"

"Yagwa."

Anamasula tizitsulo, n'kutulutsa kabokosi kosungira zinthu, n'kukalumikiza ku kompyuta yake. Kanayamba kulira kuti ke, ke, ke. Anayesa kachiwiri, kachitatu, kenako anakaika pakhutu n'kupukusa mutu.

"Bambo, munthu amene ankaitsegula kumbuyo kwanga uja ndiye wachititsa zonsezi."

"Munthu uti?"

"Si munanena nokha kuti pali chogwira ntchito kumbuyo?"

Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Anandifotokozera pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi ana a giredi yoyamba. Kumbuyo kumene ankanena ndi m'kati mwa makina momwemo. Laputopu ikadzuka inkafuna kukoka apudeti, zatsopano za mapulogalamu ake, pa intaneti, koma netiweki ya kumudzi kwathu ndi yofooka. Ikalephera inkayambiranso, ikalephera n'kuyambiranso, mpaka pulosesa kudzaza. Panalibe dzanja la munthu.

"Chinali chinthu ching'ono maningi, amadamu. Kudina pawili chabe, mukanabwelela nayo kunyumba ili bwino."

"Nanga zolemba zanga?"

"Mukati umu muli kambale kamene kamazungulila. Pamene inagwa, inali yogona olo youka?"

"Inali ikukuwa."

"Ndiye basi. Ikanakhala yogona, kambale kakanapulumuka. Manje kakalika konse."

Ndinakhala pabenchi lake nthawi yaitali, anthu akulowa ndi kutuluka. Masiku otsala anali asanu, mitu yosowa itatu, ndipo mayankho a makolo ndi aphunzitsi amene ndinatolera poyenda midzi yonse panjinga anali m'kambale komweko. Mapepala ake ndinali nditayatsira mbaula kalekale. Ndinadziwa ndili pabenchi pomwepo kuti digiri yapita, ndipo ndinadzida koopsa.

Nditafika kunyumba, mlamu anali pakhonde akusenda mtedza, mlomo uli ndi ulusi wakuda, tsaya lotupa. Ndinkayembekeza kuti andilavulira, ndipo ndikanakonda akanatero. Anayang'ana chitenje chimene ndinanyamula, n'kuyankhula movutikira, mbali imodzi ya pakamwa.

"Mulamu, zolemba zanu zapezeka?"

Ndinapukusa mutu. Anaika lichero pansi n'kuyamba kulira, ulusi ukukokeka, magazi akuyambanso kutuluka.