Utsi wa Pikiapu ya a Ambrosio

A Ambrosio Namakhwa anawoloka Muloza akadali kamnyamata, atagwira nsonga ya chitenje cha amayi awo, nkhondo itafika povuta kwawo ku Milanje, ku Mozambique. Ambiri amene anathawa nawo anabwerera mtendere utabwera, koma iwo anatsala chifukwa manda a amayi awo anali atakhala kale kuno. Anayamba ndi kuthyola tiyi pa esiteti ina kumunsi kwa phiri, kenaka anawatenga kuti azitsuka mathirakitala kuwekishopu, ndipo chiwongolero anachiphunzirira komweko. Anayendetsa galimoto za kampani mpaka imvi.

Chimene ankadziwika nacho pa esiteti ndi kusamala galimoto. Yawo inkawala ngakhale nthawi ya matope, ndipo sinkamangidwa ndi waya kapena mphira paliponse. Madalaivala achinyamata ankawazemba, chifukwa akangoona wina wachotsa kachitsulo n'kutaya, kapena wagwirizitsa bawuti ndi msomali, ankamuyimika pagulu n'kumuuza kuti amene anapanga galimoto sanali wamisala, chilichonse chimene anayikapo chili ndi ntchito yake. Mawu amenewa anawalankhula kambirimbiri moti anyamata ankawamalizira okha.

Atapuma ntchito, kampani inawagulitsa pikiapu yoyera ya dizilo imene iwo omwe ankayendetsa, ya mtundu wamakono uja wokhala ndi kompyuta. Anamanga nyumba kwa akazi awo, a Esmeralda, pafupi ndi msika wa Thuchila, ndipo anayamba kunyamulira anthu nanazi, nthochi ndi matumba a nandolo kupita pa Nkando, nthawi zina mpaka ku Limbe. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosamwa, wofika pamaliro aliwonse. Mwana wawo womaliza, Sara, ankaphunzitsa sukulu, ndipo chaka chimenecho ankakwatiwa ndi Hopewell, mnyamata wa ku Blantyre wochokera kubanja lodziwika.

Kutatsala milungu yochepa kuti ukwati uchitike, pikiapu ija inayamba kutulutsa utsi wakuda. Poyamba unkangotuluka m'mawa, kenaka paliponse pamene aponda moto. Mphamvu nazo zinachepa. Akamadutsa pa msika, amayi ogulitsa tomato ankavindikira katundu wawo ndi zitenje, ndipo a kabaza ankawafunsa moseka ngati ayamba kuwotcha makala. A Ambrosio ankangoyang'ana kutsogolo ngati sakumva, koma akafika kunyumba ankatenga chisanza n'kupukuta kumbuyo kwa galimoto mpaka mkono kuwawa. Mmene mwana wawo anawauzira kuti pikiapu yawo ndiyo idzatsogolere mdipiti, itanyamula amayi oyimba akuchikazi, anavomera ndi mutu wokha.

Anapita nayo kwa Ashraf, makanika wa pa Nkando amene galaja yake ili kuseri kwa malo okwerera minibasi. Ashraf anamasula mapaipi, nawaonetsa kachipangizo kamene amakanika amakatchula kuti EGR. Anafotokoza kuti ntchito yake ndi kubweza utsi wina m'injini kuti upsenso, injini isatenthetse kwambiri, komanso mpweya wotuluka kuekizozi usakhale woipa kwambiri m'chifuwa mwa anthu. Koma valavu yake, kachitseko kotsegula ndi kutseka njira ya utsiyo, inali itadzaza mwaye ndipo inakanirira yotseguka, choncho injini inkangomeza utsi wake womwe. Anayesa kuyitsuka, koma kamota kake kanali katatha.

Ananena kuti njira zinali ziwiri. Akhoza kuyitanitsa valavu ina ku Limbe, koma sangalonjeze tsiku. Kapena akhoza kutseka njira ya utsiyo ndi chitsulo chokhuthala, monga amachitira ambiri a mapikiapu ndi malole, ndipo galimoto imakoka bwino ndithu. Chokhacho, pa injini ya kompyuta ngati iyi pamafunika munthu wa laputopu wa ku Blantyre kuti asinthe zamkati, apo ayi galimoto imazindikira kuti china chasowa n'kuyamba kukana moto.

Pa galajapo panali madalaivala angapo a minibasi akudikira matayala awo. Wina analowerera, nati iye anatseka kalekale ndipo sanaonepo vuto, zinthu zimenezo ndi za kwa azungu kumene amayeza mpweya, kuno n'zongotivutitsa. A Ambrosio anatembenuka n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mwana iwe, ine ndayendetsa galimoto usanabadwe. Pa galimoto yanga sipachoka kanthu. Ashraf, yitanitsa valavu."

Ashraf anayitanitsa. Sabata ya ukwati inafika valavu isanapezeke. Wogulitsa wa ku Limbe ankati ili m'njira kuchokera ku Joni.

Lachinayi masana a Esmeralda anali kutchalitchi ndi amayi anzawo, kuphunzira nyimbo. A Ambrosio anakhala pakhonde nthawi yayitali akuyang'ana pikiapu ija. Ankaganiza za galimoto ya akwati itakongoletsedwa ndi maliboni, ikuyenda m'mbuyo mwawo mu utsi. Ankaganiza za asebele awo a ku Blantyre akutseka mawindo. Kubwerera kwa Ashraf kukapempha chitsulo chokhuthala chija sakanatha, chifukwa madalaivala aja sachoka pa Nkando. Anadziuza kuti ndi za tsiku limodzi lokha, Lolemba adzachotsa, palibe adzadziwe.

Anafufuza m'nyumba yonse chitsulo choti chingalowe pakati pa mapaipi. Lata la denga linali lokhotakhota. Pamwamba pa kabati anapezapo thileyi ya akazi awo, yabuluu, yamaluwa ofiira. Anayitenga, nalowetsa galimoto kuseri kwa nthochi, nadula kachidutswa ndi sizasi ya malata, naboola mabowo a mabawuti, n'kumanga. Chotsala cha thileyi anachiponya m'chimbudzi.

Ataliza injini, utsi unali utatha. Anayenda mpaka pa mlatho n'kubwerera, galimoto ikukoka ngati kale. Pa dashibodi panayaka kagetsi kachikasu kooneka ngati injini. Anakamata ndi tepi yakuda.

Lachisanu a Esmeralda anasanthula nyumba yonse kufuna thileyi yawo, poti ndi imene ankafuna kuti adzanyamulire zidutswa za keke. Anafunsa amuna awo, ndipo iwo anayankha kuti za kukhitchini sazidziwa. Pamapeto pake a Esmeralda anatsimikiza kuti ndi a Dyna, oyandikana nawo nyumba, amene anabwerekapo nthawi ina. Anapita kukafunsa, a Dyna anakana, mawu anakula, ndipo a Dyna ananena kuti ngati ndi choncho kuukwatiko sabwera. A Ambrosio anamva zonse ali pansi pa mtengo wa peyala akupukuta magalasi a galimoto, ndipo sanadzuke.

Loweruka kunatentha. Atatuluka m'tchalitchi, amayi anadzaza kumbuyo kwa pikiapu, onse atavala chitenje chofanana, ng'oma ili pakati, a Esmeralda akutsogolera nyimbo. M'mbuyo munali galimoto ya akwati, kenaka za alendo a ku Blantyre. Madyerero anali ku holo ina cha ku Chitakale. Kwa kanthawi zonse zinayenda bwino, ndipo a Ambrosio anafika potulutsa mkono pawindo n'kumagwedeza kwa anthu a m'mbali mwa msewu.

Pa chitunda china, atangowoloka mtsinje, galimoto inakana moto. Anaponda mpaka pansi, koma inkangoyenda ngati ngolo. Anatsitsa giya. Kenaka pansi pa boneti panamveka kulira ngati kwa ketulo, ndipo utsi wakuda bii unatuluka kumbuyo, wochuluka kuposa masiku onse. Unakwirira galimoto ya akwati moti dalaivala wake anayima pakati pa msewu. Nyimbo inaduka, amayi anayamba kutsokomola. Pikiapu inanjenjemera n'kuzima.

Mdipiti wonse unayima. Amayi anatsika. Anthu a m'nyumba zapafupi anasonkhana. A Moffat, malume ake a Hopewell, amene ali ndi malole awo ku Blantyre, anavula jekete n'kubwera mwaulemu, nati asebele atsegule boneti aone ngati angathandize. A Ambrosio anati n'zazing'ono, iziziritsidwe kaye, koma a Moffat anali atagwira kale boneti. Sanachedwe kuona. Kachidutswa kaja kanali kataphulika pakati chifukwa cha kutentha, mwaye uli mbwee mozungulira. Anafunsa kuti ndani anatseka EGR ndi kachitsulo kopyapyala chonchi, poti munthu wotere akhoza kuwonongetsa injini.

Anthu anali atazungulira, ena atanyamula mafoni. A Ambrosio anayankha kuti:

"Ndi Ashraf uja wa pa Nkando. Ana a masiku ano ntchito sayidziwa."

A Moffat anapukusa mutu, natenga sipanala m'galimoto mwawo, namasula mabawuti ndi chisanza kudzanja. Atasolola kachidutswa kaja anakapukuta. M'mphepete mwake, mmene moto sunafike, munali mtundu wabuluu ndi theka la duwa lofiira. A Esmeralda anali atayima pambali pawo. Anatambasula dzanja, nakalandira, nakatembenuza. Sanakweze mawu.

"Bambo a Sara, Ashraf analowa liti m'nyumba mwanga?"

Palibe anaseka, ndipo zimenezo n'zimene zinawapweteka kwambiri a Ambrosio. A Moffat anayang'ana pansi, nati basi zachitika, amayi agawidwe m'galimoto zinazo. Malo sanakwane. A Esmeralda anamanga chitenje chawo, nayambitsanso nyimbo, ndipo amayi otsalawo anakwera chitunda chija wapansi mpaka minibasi ina inawatenga. Sara anatsitsa windo n'kuwayitana bambo ake kuti akwere nawo kutsogolo. Iwo anati sangasiye galimoto pamsewu.

Anafika ku holo madyerero ali pakati, atakokedwa ndi thirakitala, malaya ali ndi mwaye m'mikono. Itafika nthawi yoti bambo a mkwatibwi alankhule, anayimirira, nathokoza anthu chifukwa chobwera, n'kukhala pansi. Mawu amene anakonza kwa mwezi wathunthu sanatuluke.

Masiku otsatira sanatuluke pakhomo. Lamulungu anati mutu ukuwawa. A Esmeralda sanawakalipire. Ankawapatsa chakudya monga mwa masiku onse, koma m'mawa wina anawauza kuti iwo kwa a Dyna apita kale kukapepesa mbali yawo, yatsala ya mwini wake. A Ambrosio anapita. A Dyna anawayalira mphasa, anamvetsera mpaka kumapeto, nati amva, koma ukwati wa mwana amene anamulera nawo sudzabweranso. A Ambrosio anatsanzika n'kubwerera kwawo.

Kwa Ashraf kunali kovuta koposa. Nkhani inali itafika kale pa Nkando, koma inafika yoduka: ambiri anangomva kuti Ashraf amatseka injini ndi ziwiya za kukhitchini. Ena anayamba kumubweretsera zivindikiro za mapoto momuseka, ndipo mwini lole wina anakatenga galimoto yake isanakonzedwe. A Ambrosio anakwera minibasi, chinthu chimene anali asanachite kwa zaka zambiri, nakamupeza ali pansi pa galimoto. Anayamba kulankhula motsitsa, atawerama. Ashraf anatuluka, napukuta manja, nati valavu ija inafika Lolemba, ndipo ayika mosavuta, koma zopepesazo iye sakuzifuna kumbali.

"Madala, munandinenera pagulu. Anthu ake ndi awa apa."

Choncho a Ambrosio anavula chipewa, nayima pakati pa madalaivala ndi oyitanira, nanena kuti thileyi anadula ndi iwo, anamanga ndi iwo, Ashraf anawachenjeza ndipo sanakhudzepo. Dalaivala uja amene a Ambrosio anamudzudzula tsiku lija analipo. Anangotembenuka n'kupita ku minibasi yake.

Pomanga valavu, Ashraf anawafunsanso ngati akufunadi yatsopanoyo, kapena atseke mwadongosolo ayitane wa laputopu, poti ndi dizilo wathu ndi maulendo afupiafupi mwaye udzabweranso. A Ambrosio anati ayike, ukadzadzaza adzatsuka. Sanawonjezerepo chiphunzitso chilichonse. Anakhala pa tayala tsiku lonse akupala mwaye m'mapaipi ndi manja awo.

Pikiapu ija ikuyendabe. Imanyamula nanazi ndi nandolo monga kale, ndipo utsi mulibe. A Ambrosio anabwerera kutchalitchi, koma anapempha kuti ayambe apuma pa ukulu wa mpingo, ndipo mpaka pano amakhala kumbuyo. Akaona mnyamata wamanga bampala ndi waya, amangodutsa.

Pa Khirisimasi Sara anabwera ndi mwamuna wake, atatenga kanema wa ukwati. Hopewell anawauza apongozi ake pambali kuti anapempha wojambula kuti adule za pachitunda paja, koma Sara anakana, akuti ndi pamene amayi ake anayimba bwino koposa. Anthu anadzaza pabalaza, a Dyna nawonso anabwera. Kanema atafika pamenepo, a Ambrosio anadzuka ngati akupita kukaona mbuzi. Anafika pakhomo n'kuyima. Pa kanemayo pankaoneka amayi akukwera chitunda m'dzuwa, nsapato zili m'manja, akazi awo ali patsogolo, ndipo kumbuyo kutali kunkaoneka munthu wa suti atayima yekha pafupi ndi boneti yotsegula. Anaonera mpaka amayi aja atakwera minibasi, kenaka anabwerera pampando wawo. A Dyna anawapatsira mbale ya mango, ndipo anatengapo limodzi.