Injini Ziwiri za NyaGondwe

Anthu akamatama akazi olimba mtima ine ndimangoti dikirani kaye, simunamuone Keziya NyaGondwe wa ku Chilumba. Ine ndine Evelyn, kwathu ndi ku Dedza. Boma litanditumiza kukagwira ntchito ya unamwino ku Karonga ndinalira njira yonse, chifukwa nyanja ndinkaiopa koopsa. Ngati dala, ntchito imene anandipatsa inali yopita mwezi ndi mwezi ndi katemera komanso sikelo ya ana kumidzi ya kuseri kwa Sangilo, kumene kunalibe msewu. Boti lopita kumeneko linali limodzi, la mayi ameneyu.

Tsiku loyamba, achinyamata a chipani atatha kuona makhadi athu pagombe, ndinapeza boti lamatabwa lili ndi injini ziwiri kumbuyo. Ina inali yooneka bwinoko, inayo yakuda bii, yomangamanga ndi mawaya. Pakati pa ziwirizo panakhala mayi wamfupi wamikono yojintcha, chitenje atachikwinya m'chiuno. Ndinamufunsa kuti woyendetsa ali kuti.

“Mukumuona, a nesi,” anatero m'Chichewa chake chonunkhira Chitumbuka. “Kwerani. Ngati simukufuna, mapiri ndi awo, yendani wapansi.”

Ndinakwera. Nanga ndikanatani?

Nkhani ya injinizo ndinaimva pang'onopang'ono, ina kwa iye, ina kwa odwala, pakuti masiku amenewo munthu ankayamba wacheuka asanatsegule pakamwa. Botilo linali la mwamuna wake, Manase, ndipo kale linali ndi injini imodzi, yakuda ija. Tsiku lina akubwerera yekha kuchokera ku Sangilo, mwera unamupeza panjira, injini n'kuzima. Tsono pa Chilumba mtunda unalowa m'nyanja ngati chala. Mwera ukakukankha n'kuphonya nsonga imeneyo, basi, umangopita. Manase anakatsakamira ku Tanzania. Asodzi akumeneko anamudyetsa, anamuthandiza kukonza injini, iye n'kubwerera kwawo akuseka, akuti Chiuta ndi wamkulu.

Kusekako sikunakhalitse. Zaka zimenezo kutsidya kunkakhala anthu othawa boma, ndipo aliyense wopondako ankamuyesa kuti wakakumana nawo. Kunabwera galimoto, eni ake anati akungofuna kumufunsa pang'ono. Taonani, yolakwa mphepo, womangidwa munthu! Manase sanabwerenso, ndipo palibe amene anauza mkazi wake kumene anamupititsa. Ndikamaganiza zimenezi mpaka lero ndimapsa mtima.

Patapita nthawi, mng'ono wa Manase, Gordon, anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi wailesi, jekete, komanso nzeru zosefukira. Anasonkhanitsa akuluakulu a banja. Anati mkulu wake wapita, choncho mkaziyo alowedwe chokolo monga mwa mwambo, boti likhale m'manja mwa mwamuna, injini yatsoka ija igulitsidwe, iye awonjezere zake agule imodzi yaikulu yatsopano. Ndisamunamizire, Gordon sankalankhula zopusa zokhazokha ayi. Injini imodzi yaikulu imathamanga, imamwa petulo wochepa kusiyana ndi ziwiri zazing'ono, ikavuta umakonza chinthu chimodzi, ndipo boti silititimira kumbuyo chifukwa cha kulemera.

NyaGondwe anamvetsera atagwada, mutu uli pansi, monga mtengwa waulemu. Onse atatha kulankhula anawomba m'manja nati, “Yayi, adada. Chokolo amalowa pamene pali manda. Ndionetseni manda a Manase ndikalire, mukatero mutenge zonse. Ngati mulibe manda, ine ndine mkazi wa mwini, ndipo boti lili ndi mwini wake.”

Akuluakulu aja anaisiyira pomwepo nkhaniyo. Ndani akanalimba mtima kupita kukafunsa za manda amenewo? Tsiku lomwelo mayiyu anasenza injini ija nakaigoneka kuchipinda kwake, kunsi kwa bedi, kumene mlamu kapena apongozi sangaponde.

Anakalima mpunga ku Wovwe pamunda wa bambo ake, anagulitsa, anawonjezera ng'ombe imodzi, n'kugula injini ina yaing'ono kwa msodzi wina amene ankasiya ntchito. Iliyonse anaipatsa thanki yakeyake, ndipo petulo wake ankagula kwa anthu awiri osiyana. Nditamufunsa chifukwa chake anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi amanyowetsa. “Petulo wa munthu mmodzi akakhala ndi madzi, zife zonse ziwiri? Ndiye ndagulira chiyani ziwiri?” Paulendo ankayendera yatsopanoyo. Yakale ankailiza m'mawa uliwonse kuti aimve ikutsokomola, kenako n'kuikweza kuti isakhudze madzi.

Anthu a pagombe analitcha boti la mitala. Amene ankatsogolera kusekako ndi Gordon, ngakhale kuti usipa wake wouma ankanyamulira momwemo, manyazi analibe.

“Mlamu, mitala ndi yodula!” ankakuwa choncho anthu akumva. “Iyo yakudayo inapereka kale mkulu wanga. Mukuisungiranji mfiti imeneyo?”

“Injini sinalakwe pozima, alamu,” NyaGondwe ankamuyankha, maso ali pa zingwe zake. “Chilichonse chimazima, inunso mudzazima. Cholakwika chinali chakuti inali yokha.”

Ine ndinkaseka, koma kunena zoona nthawi zina ndinkagwirizana ndi Gordon. Botilo linkayenda ngati likupita kumaliro, ndipo ndinkafika kusikelo msana utauma gwa.

Tsiku limene ndinasiya kudandaula linali la m'nyengo yozizira. Tinkabwerera ku Chilumba dzuwa lili pamutu. M'boti munali ine ndi bokosi langa, amayi angapo ndi ana kumsana, ndi Gordon atakhalira matumba ake a usipa. Titangodutsa Sangilo, nyanja inasintha nkhope. Mwera unabwera kumbuyo kwathu, mafunde n'kuyamba kutukula boti ndi kuligwetsa. Pomwepo injini yatsopano ija inatsokomola, inatsokomolanso, kenako zii.

NyaGondwe anakoka chingwe, injini osalira. Anathira petulo pang'ono pachikhatho, n'kulavula malovu pambali. Munali madzi.

Boti linatembenuka chammbali, madzi n'kuyamba kulowa. Mayo ine! Ndinaitana amayi anga a ku Dedza ngati kuti andimva. Ana analira, amayi anayamba kupemphera m'Chitumbuka. Nsonga ya Chilumba inali kumanzere kwathu, ndipo tinkaiona ikutsalira. Kutsogolo mapiri a ku Tanzania ankaoneka bwinobwino. Tonse tinadziwa kuti tikapanda kumira tikatsakamira kumeneko, ndipo pobwerera galimoto ija idzakhala ikudikira. Ife ena mwina akanatifunsa n'kutisiya. Koma mkazi wa Manase ndi mng'ono wa Manase, m'boti lomwelo litafikako kachiwiri? Ana amene NyaGondwe anawasiya kunyumba akanakula opanda bambo, opandanso mayi.

Gordon milomo inayera mbuu. “Mlamu,” anatero, “ife sadzatifunsa n'komwe.”

“Kapani madzi, alamu! Pakamwa potseka!”

Anamuponyera chitini, ndipo bambo wa jekete uja anagwada n'kuyamba kukapa. NyaGondwe anatsitsira injini yakuda ija m'madzi, anaponda phazi pathabwa, n'kukoka chingwe. Inangoti fwee. Anakokanso, osalira. Funde linamumenya kumaso, chitenje chonse chinanyowa. Anapukuta m'maso ndi mkono, anaweramira injiniyo, nakuwa m'chinenero chake, “Wuka, iwe!” Atakoka ndi mphamvu zake zonse, utsi wakuda unati tolo, injini n'kubangula.

Musaganize kuti tinauluka. Kanthu kakang'ono kaja kankalimbana ndi mwera ngati nkhalamba yokwera phiri. Mayiyo sanalunjike mphepo, anadula mafunde chopingasa, akuthawa lalikulu, akukwera laling'ono, mano atakukuta. Pang'ono ndi pang'ono nsonga ija inasiya kuthawa, kenako tinalowa kuseri kwake kumene madzi anali ofatsa. Boti litakhudza mchenga, amayi aja anagwada pomwepo, ena akuimba, ena akusanza.

NyaGondwe sanatsike. Anazimitsa injini n'kuiyang'anitsitsa. Mwadzidzidzi anaimenya khofi, phaa, ndi dzanja lonse.

“Lero wadzuka?” anaifunsa. “Lero wadzuka, eti? Nanga tsiku lija unali kuti, iwe? Unali kuti?”

Anaimenyanso, kenako anaikumbatira, yotentha choncho, n'kulira mokweza. Anthu a ku Chilumba anandiuza kuti chitengedwere Manase anali asanamuonepo akukhetsa msozi pagulu. Inenso ndinalira, unamwino wonse unathera pomwepo.

Gordon anaimirira m'madzi akudikira mpaka mlamu wake atatonthola. Anamasula injini ija mosamala, anaiika paphewa, jekete lonse likuda ndi mafuta, n'kuyamba kukwera mtunda. Ife tinatsatira pambuyo. Pafupi ndi sitolo wina anayamba kuseka za mitala, koma Gordon anangomuyang'ana, uja n'kumeza mawu ake.

Atafika panyumba anaima pakhonde. “Ndiike pati, mlamu?”

“Pomwepo,” anatero NyaGondwe akupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. “M'katimo ndilowetsa ndekha. Ndi chipinda cha mkulu wanu.”

Gordon anaitula pansi, anavula chipewa, ndipo sanadutse pakhomopo.