Mawanga a agogo aNangondo

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, museke msanga kuti tikambe zenizeni. Ndili kamnyamata ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti agogo aNangondo, amayi awo a bambo anga, akusanduka mzungu. Kuyerako kudayambira kunsonga za zala, kudakwera m'manja, kudatulukiranso pakamwa ndi m'zikope, ndipo ine ndinkati ndi sabawu, sopo wa Mpwitikizi wa pakantina amene ankamuchapira zovala. Ndinkadikira kuti akadzayera thupi lonse tidzayamba kudya pawu, buledi wa azungu, m'mawa uliwonse. Kobusa mbuzi ndidafika pouza anzanga kuti wofuna kudzakwera galimoto lathu ayambiretu kundilemekeza.

Agogowo akandibwerera m'mutu, chimayamba ndi fungo la chimera chonyowa choyanikidwa pamkeka, utsi wa zitsononkho wotuluka m'denga la udzu ngati nyumba ikupsa, ndi fodya wa m'mphuno amene ankayetsemulira aliyense wowayandikira. Musaganize za nkhalamba yofatsa. Adali mayi wamfupi, wapakamwa poyabwa, wofulula mowa womveka mpaka ku Lifidzi, ndipo munthu akaledzera nkuyamba kudzitama ankamuuza kuti, "Wakhuta thukuta langa iwe, khala pansi." Ine ndinkagona m'nyumba mwawo chifukwa kwathu tidali ochuluka ngati mbewa, ndipo m'chisanu cha Junyu tinkafunda chofunda chimodzi, mapazi awo ozizira ali pamsana panga.

Kwathu kuno wofulula ndiye amayamba kumwa pachipanda anthu akuona, kenaka chimazungulira. Tsiku lina agogo adamwa, adapereka chipanda kwa mkulu wina, ndipo mkuluyo adayang'ana zala zawo zoyera zija, adayang'ana milomo yawo, nkukhuthulira mowa pansi. Pofika madzulo mudzi wonse udali utamva mawu akuti khate. Mbiya zidasasa mowa uli momwemo. Amayi amene ankabwera kudzabwereka chipande adayamba kulonjera ali kumsewu, mwana atamukokera kumbuyo.

Tsoka lidadzera pamutu panga. Abambo aakulu aJowakimu, mwana woyamba wa agogo, ndiwo ankatimeta anyamata tonse Loweruka kuti tikaoneke bwino kutchalitchi. Akundipala mutu adaima, adaitana abale, ndipo adanditembenuza ngati dzungu la pamsika.

"Onani! Chalowa mwa mwana. Ndinkanena ine. Amayi achoke pakati pa anthu, tiwamangire kutsidya kwa mtsinje."

Mwana wobala yekha ameneyo! Agogo adangofwenkha fodya nkunena kuti, "Ndikamve kwa amene adaphunzira za khungu, osati kwa Jowakimu amene ndidamupukuta mamina mpaka atamera ndevu." M'mawa mwake tidauyamba wapansi wa kuchipatala cha kumishoni, iwo patsogolo, ine pambuyo ndikukanda mutu.

Enfermeru wake, namwino wa pamenepo, adali bambo wamtali, wakuda bii, wolankhula Chinyanja chopindika cha kumunsi ku Tete. Adatitulutsa pakhonde, akuti khungu saliyeza mumdima, limafuna dzuwa. Ndiye adachita chinthu chimene munthu wamkulu adali asadachite chiyambire nkhani ya chipanda ija: adagwira dzanja la agogo ndi dzanja lake lenileni, lopanda nsalu. Adawafunsa kuti zidayamba liti, ngati zimayabwa, ngati adapsapo ndi mphika osamva. Adayendetsa chala m'mphepete mwa banga kuti amve ngati patukuka, adapala pang'ono ndi chikhadabo, adaika manja onse awiri pamodzi nkuwayerekeza, kenaka adafinya kuseri kwa chigongono ngati akufuna chingwe chobisika.

"Onani mayi," adatero, "mawanga anuwa ndi oyera mbee ngati mkaka, ndi osalala, sakufunduka, malire ake ndi oonekera bwino, ndipo dzanja ili lafanana ndi linzake. Banga la khate siliyera chonchi. Limangotuwa mofiirira, limauma, silituluka thukuta, ndipo chachikulu, limakhala lakufa. Tsopano tsinzinani. Ndikakukhudzani ndi thonjeli, lozani pamene ndakhudza."

Sadadziwe kuti agogo adali munthu wosapirira kugirigishidwa. Thonje litangofika pachala adalumpha. Litafika pamlomo adaphulika chiseko, maso ali chitsinzinire.

"Iwe mwana wa eni, ukundigirigisha! Ndine wamasiye inde, koma ukayambe walankhula ndi abale anga!"

Enfermeru adaseka mpaka kutsamira mzati. Adakhudza banga lililonse, ndipo paliponse agogo adaloza ndi kutukwana. Pomaliza adati si khate, ndi khungu chabe limene lataya mtundu wake, silipatsirana, silidula zala, angosamala dzuwa chifukwa poyerapo pamapsa msanga.

Mutu wanga adangouona kamodzi, nkuuweramitsa padzuwa.

"Izi ndi zipere. Zozungulira, zoyabwa, zofunduka ngati gaga, tsitsi lathyokera pansi. Sizigwirizana ndi za agogo ako. Amakumeta ndani?"

"Abambo aakulu."

"Lumo limodzi ana onse?"

"Limodzi."

"Akaliwiritse. Ndipo anzako onse abwere, ali nazo."

Pobwerera agogo ankaimba njira yonse. Ine ndinkalira chamumtima chifukwa ndidafunsa za uzungu uja ndipo enfermeru adati palibe. Tidafika dzuwa litapendeka nkupeza mitengo ya nyumba ya kutsidya atadula kale. Agogo adafotokoza zonse pamaso pa abale, ndipo mwina zikadatha bwino akadasiya za lumo. Koma pakamwa paja! Adati, "Wodwalitsa ana m'mudzi muno ndi uyu ndi kalumo kake." Nkhope ya aJowakimu idauma.

"Ndiye mukuti ine? Enfermeru sagona m'mudzi muno. Thonje lingaone matenda? Ana akafa adzawaika ndi iye?"

Agogo adathamangitsa nkhuku, adaizula nthenga, adaima pakati pa bwalo nkutukula nthengayo m'mwamba.

"Abwere mmodzi. Ndikutsinzina. Andikhudze ndi nthengayi paliponse, ndimuuze."

Adaiika pansi, adatambasula manja, adatsinzina. Anthu inu, ndakalamba, ndaona nkhondo, ndathawirapo ku Dedza ndi mtolo pamutu, koma chimene chimandiwiritsa magazi mpaka lero ndi chimenechi. Amuna andevu, amayi amene adawachiritsa njala ndi ufa wawo, ana awo owabala okha, bambo anga ali pomwepo, ndipo palibe mmodzi adasuntha phazi. Nthengatu, osati dzanja! Agogo adaima pamenepo manja ali chitambasulire, akudikira. Ndidatola nthenga ija ine nkuwakhudza.

"Chala chaching'ono cha kumanzere," adatero. "Ndipo ndiwe Tomasi, ukununkha mbuzi."

Wina adati za mwana sizimveka, ali nacho kale. Anthu adabalalika mmodzimmodzi.

Adawasamutsa sabata yomweyo. Zipere zanga zidatha ndi mankhwala, anzanga adapita nawonso mwakachetechete, lumo lidayamba kuwiritsidwa kuseri kwa nkhokwe, koma palibe adabwera kudzati tidalakwa. Agogo adakhala kutsidyako zaka zambiri, akulima batata ndi nyemba okhaokha, akufulula kambiya kamodzi kamene ankamwa ndi ine nditakula. Anthu ankadikira kuti zala ziyambe kugwa. Iwo ankati akamva munthu akudutsa, ankatulutsa manja pakhomo nkuvinitsa zala zonse. "Zikadalipo! Kauzeni Jowakimu!"

Adamwalira zala zili zonse. Ndiye padabuka za makolo, zoti wakhate akagona m'manda mvula siigwa. Anthu ovala korona m'khosi, oimba kwaya, adakhala pansi nkugwirizana kuti awaike kunja kwa mitengo ya manda, pamalire ndi munda wa eni. Ngoma, gule wathu wa pamaliro, sidavinidwe. Mtumbira wawo uli pomwepo mpaka lero, wokhawokha, ndipo chaka chilichonse khasu la mwini munda limaudya pang'ono.

Tsono mverani izi. Chaka chathachi Manuwele, mwana wa malemu aJowakimu, amene tidametedwa naye lumo limodzi, adayamba kuyera zala ndi pakamwa. Mdzukulu wake adamukweza pamota, njinga yamoto ija, mpaka kuchipatala ku Ulongwe, ndipo adabwerako ndi dzina la mawangawo la Chipwitikizi. "Akuti ndi vitiligu," amatero, akutukula chibwano ngati amupatsa udindo kuboma. Anthu nkumati pepani achimwene, valani chipewa, dzuwa lingakuotcheni. Pamowa wa kwa mlamu wanga chipanda chidachoka pakamwa pake kubwera kwa ine, palibe ngakhale wotsinya diso. Ndidamwa, chifukwa mowa sudandilakwire, kenaka ndidaimirira.

"Manuwele, mitengo tikadule liti? Kutsidya kuja malo alipo."

"Aaa, achimwene, zakale zimenezo. Anthu sankadziwa."

"Sankadziwa? Adauzidwa! Ndidalipo ine, ndi mutu wanga wa zipere za atate ako!"

Ndidalalata mpaka agalu adayamba kundiyankha. Ndidatchula maina a akufa ndi amoyo, ndidati tikafukule mafupa tiwalowetse m'manda, ndipo anthu adati nkhalamba yaledzera. Ana anga adandigwira mikono kundiperekeza kunyumba ngati mbuzi yokana msika.

Mkazi wanga aNaphiri adandisiya ndilalatire khoma mpaka mawu adasasa. Atandipatsa madzi osamba m'manja adakhala pamphasa nkunena kuti, "Mwatha aNkhoma? Kufukula sadzalola, mukudziwa. Ngati zikukuwawani, itanani ana mawa mudakali ndi mpweya, muwauze kuti inu mukagone pambali pa agogo anu. Mukakhala awiri ndiye kuti pasanduka pamanda. Ine ndidzabwera wachitatu, koma musandifulumizitse."