Nsato ya NyaHarawa

Pa Njakwa pano panamveka mbiri yoti Vailet Harawa akuweta nsato m'nyumba. Ine ndinaikhulupirira pang'ono, chifukwa chibwerereni ku koleji mwana ameneyu sagwira khasu, sagulitsa tomato, koma amadya bwino chomene. Ena anamumva akunena pafoni kuti, "Python yanga yagwira ntchito lero," ndipo odziwa Chingerezi anatimasulira kuti imeneyo ndi nsato. Eni nyumba, a Msiska, anamuuza kuti asamuke mwezi ukatha.

Ndinapitako ndi ndodo yanga, a Msiska akubwera kumbuyo, kumbuyo kwenikweni.

"NyaHarawa, tulutsa chiweto chakocho tichione. Chimadya nkhuku kapena anthu?" ndinatero.

"Chimadya bandulo ya intaneti, asekuru," anatero Vailet akutsegula laputopu.

Anationetsa tsamba la pa intaneti lolengeza ntchito. Mawu abuluu a pamenepo ndi malinki, ukawadina amakufikitsa pa tsamba lina. Vailet amalemba mizere yochepa m'chinenero cha kompyuta chotchedwa Python, n'kuitana chida chopangidwa kale, dzina lake BeautifulSoup, kutanthauza supu wokongola. Chidacho chimapeta tsamba lonse n'kutola malinki okhaokha, ngati mayi wosankha nyemba. Malinkiwo amawatumiza ku kampani ina ya ku Mzuzu imene imathandiza ofuna ntchito, ndipo ndiyo imamudyetsa.

"Nanga supuyo ali mumphika uti?" ndinafunsa. Vailet anaseka mpaka misozi.

A Msiska anasuzumirabe pansi pa bedi, n'kupeza nsapato. Vailet akukhalabe m'nyumba yomweyo. Nsato kulibe.